Mudzi wa Pamitambo Umene Udandidyetsa Dzira

Shakira, bwera nayo kuno mbaleyo. Ayi, usaibise kumbuyo, ndaona kale. Wadya choyera chokha, chachikasu ukukaponyera nkhuku? Mwana iwe! Khala pansi apa. Nawenso Yusufu, zimitsa foniyo, sithawa. Lero mumve chifukwa chake m'nyumba ino dzira sititaya.

Ana inu mumadya mazira ngati mtedza. Ife tikukula ku Namwera, mtsikana dzira sankaliyandikira. Anganga anga ankati mtsikana wodya mazira adzabereka mwana wopanda tsitsi, ena ankati sadzabereka n'komwe. Lero ndimaganiza kuti akuluakulu ankangofuna kuti anapiye achuluke, koma nthawi imeneyo tinkakhulupirira ndi mtima wonse. Nkhuku ikaikira, dzira linali la bambo wa pakhomo kapena la mlendo wolemekezeka, basi.

Nditakwatiwa ndi agogo anu aamuna, Che Amidu, ndidapitiriza zomwezo. Iwo adali telala, makina awo opalasa ndi phazi aja mumaseweretsa kuchipinda kuja, ndipo mudzandiona mukadzathyola singano ina. Ndikawaphikira dzira ankatenga ulusi wosokera, kuuluma mbali ina ndi mano, n'kulidula pakati, mwaukhondo ngati akudula nsalu ya mwini. Kenako ankakankhira theka kwa ine.

"Abiti Saidi, ili ndi lanu."

"Idyani bambo, ine ndakhuta."

"Ana mwabereka kale asanu, onse atsitsi. Mukuopanso chiyani?"

"Ndati idyani."

Ankaseka, n'kudya theka langa lija pomalizira. Zaka makumi atatu mawu ake omwewo, ine kukanabe. Mumati makani a mayi anu adachokera kuti?

Ku Dubai ndidapita ndili kale ndi imvi ziwiri zitatu, maso a agogo anu atayamba kulephera kulowetsa ulusi m'singano. Ine amene ulendo wanga waukulu udali wotsetsereka phiri kupita ku boma, dengu la nyemba pamutu, ndidapezeka ndili m'ndege, makutu atatseka, ndikupemphera maduwa onse, mapemphero aja ndidaphunzira ku madrasa. Ntchito ndidaipeza ku Al Warqa, m'nyumba yaikulu ya mpanda wautali, ya mayi wina wachiarabu amene tinkangomutcha Madamu. Ine ndinkachapa ndi kukolopa. Wophika adali Rosma.

Rosma adali kamayi kafupi, kakamwa kosatopa, kochokera ku Indonesia, pachilumba chotchedwa Sumatra. Kumeneko kuli anthu otchedwa Abataki ndi abale awo Amandailingi. Kwa ine adali amodzi, koma ukamusokoneza Rosma ankakuyang'ana monga amachitira Myao ukamutcha Mlomwe. Iye adali Mmandailingi, Msilamu ngati ife. Tinkalankhulana Chingerezi chothyokathyoka chothira Chiarabu cha kukhitchini, yalla apa kunena kuti fulumira, khalas apo kunena kuti basi, pamene mawu atha manja ankamaliza. Ine ankanditcha Kak Mariamu. Kak ndiye kuti mkulu wake.

Poyamba sitinkamvana. Ankathira tsabola m'chilichonse, ine ndinkati mayi ameneyu akufuna kundipha. Chidatigwirizanitsa ndi chigwada. Nditabwera kuno ku holide, pobwerera ndidanyamula chigwada chouma m'kathumba, ndipo tsiku lina ndikusinja m'kamtondo ka zokometsera ndiwo, ndidangomva munthu akufwenthera kumbuyo kwanga. Rosma, misozi ili mbwembwembwe.

"Kak, masamba a chinangwa awa? Kwanu mumasinja?"

"Nanga tingadye osasinja, ndife mbuzi?"

Abale inu, kutsidya kwa nyanja zonsezo kuli anthu amene amasinja chigwada mumtondo ngati ife! Kusiyana kwake n'kwakuti ife timatendera nsinjiro, iwo amathira madzi ofinya ku kokonati. Tidakangana za amene amaphika bwino mpaka tidadya mapoto onse awiri.

Kuyambira pamenepo adayamba kundionetsa mudzi wakwawo pafoni, timakanema timene mlongo wake Sahrul ankamutumizira. Dzina la mudziwo lidandikanika lilime, ankati limatanthauza madzi ozizira. Ine ndinkadzitama kuti ndine wa kumapiri. Nditaona akwawo ndidatseka pakamwa. Phiri pamwamba pa phiri, mitengo yobiriwira bii, ndipo m'mawa mitambo imakhala kumunsi kwa nyumba, munthu n'kumaiyang'ana pansi ngati akuyang'ana chigwa. Nyumba zake zathabwa, zokhala pa nsanamira, nkhuku zikugona kunsi. Minda ya mpunga adaisema m'mbali mwa phiri ngati masitepe, uliwonse wodzaza madzi, madziwo akutsika okha kuchoka m'munda wa uyu kulowa m'munda wa mnzake. Pakhomo pa mayi ake padali nsungwi yobooledwa yochokera kukasupe, madzi akutuluka usana ndi usiku popanda woitseka. Ine amene ndidakula ndikufukula mchenga wa mumtsinje mwezi wa Okutobala, kudikira kuti chikho chidzaze, ndidati, "Rosma, uzani anthu atseke madziwo, ndi tchimo!" Adaseka mpaka kukhala pansi.

Ndiye njati. Yusufu, ukuseka chiyani? Njati yeniyeni, nyanga uku ndi uku, itamangidwa goli ikulima m'matope, mayi wokalamba akuikalipira ngati mwana. Kwathu njati ukaiona umakwera mumtengo. Ndidaonanso Sahrul akukwera mtengo wonga mgwalangwa pa nsungwi imodzi yokha yosemedwa popondapo zala. Akafika pamwamba amamenya phesi la maluwa ake pang'onopang'ono ndi kachibonga, masiku angapo, uku akuuimbira mtengowo. Rosma ankati ukaumenya mwaukali suchucha. Ukaunyengerera umatulutsa madzi otsekemera amene amawaphika n'kukhala shuga wakuda. Mumtsinje mwawo mulinso dziwe limene mudzi wonse udagwirizana kuti munthu asavuulemo nsomba mpaka tsiku limodzi pachaka, Ramadani ikatha. Nsomba zonenepa zikusambira poyera, ana akutsuka miyendo pomwepo, palibe woponya mbedza. Ndidaganiza za anyamata a kwathu ndipo ndidati dziwe limenelo silikadafika Lachitatu.

Koma netiweki kumudziko kulibe. Kuti aimbe foni amakwera chitunda cha pamwamba pa minda ya khofi, ulendo wa maola awiri wapansi, njira yoterera. N'chifukwa chake mayi ake a Rosma, amene iye ankawatcha Umak, anali asanakwereko zaka zambiri. Mawu awo ankangowajambula kumudzi, Sahrul n'kukwera nawo.

Kenako idabwera Korona. Inu mudali aang'ono, mumangokumbuka kuti sukulu adatseka ndipo mudakondwa, anthu opanda manyazi inu. Ku Dubai kudangoti zii. Misewu ikuluikulu ija yopanda galimoto, mizikiti yotseka, woitana swala akunena kuti swalini m'nyumba zanu. Chiyambire sindidamvepo zotero. Ndege zidaima. Rosma ndiye adayamba kudwala, adamutsekera m'kachipinda ka kuseri milungu iwiri, ine ndikumuikira phala ndi chigwada pakhomo, ndikumukalipira pazenera kuti amalize. Adachira. Kwawo nako adapingasa nsungwi pamsewu wolowera m'mudzi kuti mlendo asalowe, ngakhale mwana wa m'mudzi momwemo wochokera kutauni.

Inali nyengo imene kuno kumazizira, uko kukutentha koti ukatuluka panja mpweya umakuwotcha m'mphuno. Mayi ako, Shakira, adandiimbira m'mawa ndikuyanika zovala. Adati bambo ake, agogo anuwo, akhala akutsokomola masiku anayi, usiku adabanika, apita. Pofika masana anali atawaika kale, anthu ochepa, aliyense patalipatali. Ine ndidamaliza kuyanika zovala zija. Ndidapanika chilichonse bwinobwino.

Sindidalire, ana inu. Ndidafuna, misozi osabwera. Ndidakhala eda yanga, nthawi ija mkazi wamasiye amabindikira, m'kachipinda ka eni ake, kopanda m'bale wobwera kudzakhala nane pamkeka. Sadaka ya masiku makumi anayi idachitika ine kulibe. Chakudya chidayamba kundikanika. Sikuti ndinkakana dala ayi. Ndikaika mpunga m'kamwa unkangozungulira ngati thonje, kukhosi kutatseka. Ndinkamwa tiyi basi. Diresi lidayamba kulendewera, tsiku lina ndidagwa pa masitepe ndi ndowa ya madzi. Madamu, mayi wabwino ndithu, adandigwira dzanja.

"Mariam, habibti, wokondedwa wanga, ukapanda kudya pofika Loweruka ndikupititsa kuchipatala akakuike madiripi. Sindifuna ufere m'nyumba mwanga ana ako ali kutali."

Chipatala cha masiku amenewo munthu ankalowa yekha, wokamuona panalibe. Ndidadziwa mumtima kuti ndikalowa mmenemo sindidzatuluka, ndipo choopsa n'chakuti sindidadandaule. Inu nonse ndinkakukumbukani ngati anthu a m'chithunzi cha kalekale.

Lachitatu Rosma adalowa m'chipinda mwanga osagogoda.

"Kak, ndatumiza mawu kwa Umak, ayankha. Akuti tondi yako yachoka."

"Chiyani chimenecho?"

Adafotokoza kuti kwawo amati munthu ali ndi thupi, ali ndi mzimu umene Mulungu adzatenge, komanso ali ndi tondi, mphamvu ija imamupangitsa kufuna kudzuka m'mawa. Munthu akadzidzimuka kwambiri, kaya wapulumuka pangozi kaya waferedwa, tondi imathawa n'kusiya thupi likuyenda lokha. Ati yanga idapita ku Malawi kukafuna manda, ndipo yasochera. Abale ake a munthuyo amasonkhana, kumukhazika pakati, kumudyetsa ndi kuiitana kuti ibwerere. Mwambowo amautcha upa-upa.

Ndidakalipa, mphamvu zake kaya ndidazitenga kuti. "Ine ndine Msilamu, Rosma! Za mizimu ndidazisiya ndi anganga anga. Ukufuna ndife ndi shiriki pamutu, tchimo lopembedza zina pambali pa Mulungu?"

Kamayi kaja kadafufuma. "Ndiye ife ndife akafiri? Wotsogolera duwa ndi amalume anga, amene amaswalitsa mumzikiti mwathu! Palibe chopembedza pamenepo. Ndi chakudya ndi mawu a anthu okukonda, khalas."

"Wati amachita ndi abale. Ine m'bale wanga kumeneko ndani?"

"Umak akuti amene adadyetsa mwana wawo akudwala, nayenso ndi mwana wawo. Usandivutitse, Kak. Lachisanu."

Mwambowo umachitika dzuwa likukwera, osati likutsika, kuti moyo wa munthuyo ukwere nalo. Tsono kwawo dzuwa limatsogola maola atatu. Adawerengetsera mpaka adapeza nthawi imene likukwera konsekonse, kwathu ku Dubai litangotuluka kumene, kwawo lisanafike pamutu. Lachisanu m'mawa Rosma adayala mkeka kukhitchini, adandiveka nsalu yake paphewa, n'kundikhazika. Madamu adabwereketsa foni yake yaikulu ija, adaiimika pa chitini cha mpunga, iye n'kuima pakhomo atapinda manja. Ine ndidangoti ndichite kuti andisiye.

Foni idalira, chithunzi chidabwera. Ndimayembekeza nkhope ya Sahrul yekha.

Ana inu, chitunda chonse chidali anthu. Amuna ovala zisoti za kumzikiti, amayi a mipango yamitundumitundu, ena atamanga tinsalu kukamwa, atakhala motalikirana pa udzu wonyowa mpaka kumene diso la foni limalekezera. Kumbuyo kwawo mapiri aja, mitambo ili pansi pawo, minda ya mpunga ikung'anima kumunsi kwenikweni. Anasiya minda yawo tsiku limenelo. Anthu amene adatsekera ana awo omwe msewu ndi nsungwi adakwera phiri maola awiri chifukwa cha mayi wa ku Namwera amene sadamuonepo.

Kenako Rosma adakuwa, "Umak!" n'kugwira pakamwa. Amuna awiri amatulukira pa njira atasenza nsungwi paphewa, pansungwipo atamangirira nsalu, munsalumo muli nkhalamba. Ngakhale Rosma sadadziwe kuti abwera. Adawatsitsa pamkeka, kamunthu kochepa ngati Shakira, nkhope yamakwinya okhaokha, mano awiri. Adayandikira foni mpaka tidangoona diso limodzi ndi mphuno, Sahrul n'kuwabweza pang'ono. Anali asanaone nkhope ya mwana wawo kwa zaka zinayi, koma sadayambe ndi iye. Adaloza ine.

Amalume aja adawerenga duwa, yomweyo timawerenga kuno, ndipo manyazi adandigwira pa zimene ndidanena Lachitatu. Atatha, anthu adayamba kulankhula mmodzimmodzi, akulu poyamba, Rosma akumasulira. Wina adati mwamuna wako wafika kumene amapita, iwe sudafike. Mayi wina adati bwerera, ana ako akuyang'ana kumsewu. Aliyense pomaliza ankanena mawu amodzimodzi, amene Rosma adati akutanthauza kuti tondi bwerera m'thupi. Patsogolo pa Umak padali mbale yovundikira ndi tsamba la nthochi. Rosma adabweretsa ina yotero, adaizunguza pamwamba pa mutu wanga, n'kuiika patsogolo panga. Uko adavundukula, kuno adavundukula.

Mpunga woyera, kamulu ka mchere pambali, pakati pake dzira lophika, losenda, lathunthu.

Ndidabweza manja kumbuyo.

"Idya, Kak. Uyambe ndi dzira, ulowetse chala mpaka utulutse chachikasu. Chisagwe pansi, ndipo usasiyeko."

"Sindidya mazira."

"Lero udya."

"Rosma, sindinadyepo chibadwire. Dzira ndi la bambo a kunyumba."

Mawu amenewo adatuluka okha. Rosma adawamasulira, ndipo ndidaona amayi a pachitunda paja akuyang'anana. Umak adafunsa kanthu, Rosma adayankha, adafunsanso. Kenako nkhalamba ija idalankhula nthawi yaitali, ikugwedeza chala.

"Akuti nawonso amuna awo atamwalira adakhala chaka akuwadulira nsomba ya pakati n'kuisiya m'mbale mpaka madzulo. Akuti amene adapitayo sadzabweranso kudzadya, ngakhale uisunge bwanji. Akuti dzira ili si la amuna ako, aphikira iwe, ndipo iwo sachoka pano mpaka ulidye."

"Auze abwerere, ndidya mawa."

"Kak, yang'ana kumbuyo kwawo."

Mtambo wakuda unkakwera kuchokera kuchigwa, ukumeza minda umodziumodzi. Mphepo idayamba kukupiza mipango. Rosma adati mvula ikawapeza pamwambapo njira ija imasanduka sopo, ndipo onyamula nkhalamba pa nsungwi sangatsike nayo bwino. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adadzuka. Madontho adayamba kugwera pa diso la foni. Umak adatapa mpunga wa m'mbale yawo ndi zala zitatu, adatambasula dzanja kulozetsa pakamwa panga, ndipo pomwepo chithunzi chidauma. Netiweki idathawa. Padangotsala dzanja lija lili chitambasukire.

Ndidapsa mtima, ndisakunamizeni. Ndidati anthu awa ndi oumiriza bwanji, akufuna nkhalamba yawo ithyoke msana chifukwa cha ine? Ndidalitola dzira lija mwaukali. Lidali lofunda. Ndidalowetsa chala, choyera chidang'ambika mokhotakhota, ndipo ndidaganiza kuti Che Amidu akadaona kudula kotereku akadapukusa mutu n'kutulutsa ulusi. Chachikasu chidagubuduka kuchoka m'zala zanga. Dzanja lina lidachiwakha chisanafike pamkeka. Adali Madamu, atagwada pansi ndi mkanjo wake wodula, kaya adafika nthawi yanji. Adachisunsa pamchere n'kundiika m'kamwa ngati khanda.

Ndidamva mchere. Koyamba m'miyezi iwiri ndidamva kukoma kwa chinthu. Ndidatafuna, ndidameza, kukhosi kudatseguka, ndipo kumene kudalowera dzira kuja n'kumene kudatulukira kulira. Ndidalira maliro onse amene ndidawasowa, mokuwa, mwa Chiyao, ndikuitana dzina lawo, Mwarabu atandigwira uku, Rosma uku. Ndili pakati polira ndidamaliza dzira lonse ndi theka la mpunga.

Chithunzi chidabwerera mwadzidzidzi, anthu aja atanyowa, ena atafunda masamba a nthochi kumutu, ali pomwepo. Rosma adanyamula mbale kuionetsa ku foni. Ndiye phiri lonse lidafuula liwu limodzi katatu, "Horas! Horas! Horas!" ndiko kuti ukhale wamoyo, ukhale wolimba. Umak adaseka ndi mano awo awiri aja, adadya mpunga udali m'zala zawo, amuna aja n'kuwanyamula msangamsanga. Tidakhala tsiku lonse mitima ili m'mwamba mpaka Sahrul adakweranso chitunda madzulo ake kudzatiuza kuti adafika bwino, kungoti iyeyo adagwa kawiri.

Loweruka kuchipatala sindidapite. Ndidadya phala, Lamulungu ndidadya chigwada cha Rosma cha tsabola chija osadandaula. Ndege zitayambanso kuyenda ndidabwera, ndidakaona manda, ndipo iwe Yusufu udandithawa pa geti chifukwa udandiiwala.

Kumudzi kuja sindidafikeko, ndipo miyendo iyi sidzafikako. Umak adamwalira chaka chotsatira, Rosma ali ku Dubai, ine nditabwererako kukamaliza kontrakiti. Rosma adakhala masiku atatu osadya. Lachinayi lake ndidadzuka m'mawa, ndidayala mkeka kukhitchini, ndidaphika dzira. Mawu a mwambowo sindinkawadziwa bwino, ndidangonena mwa Chichewa kuti bwerera mwana wa mayi anga, bwerera. Adadya.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimodzi. Agogo anu adandipempha zaka makumi atatu, theka lili pa mbale, akumwetulira, ine kukana. Ndidakamvera nkhalamba ya kuphiri imene sindidaigwirepo ngakhale dzanja. Tikadzakumana adzandiseka koopsa bambo amene uja, ndipo ndidzawalola.

Yusufu, pita ku makina kuja, m'kabokosi ka kumanja muli ulusi woyera, udule wautali ngati mkono wako. Shakira, sendera kuno ndi mbale yakoyo, tenganso mchere. Chachikasu chimenecho tigawana pakati, theka lako, theka langa.